Magetsi sadutsa mu pulasitiki, nanga kamoto kaja kamachokera kuti?

Amene munavulapo juzi ya nayiloni usiku wa mu July magetsi atazima mukudziwa zomwe ndikunena, kumamveka kuti tetete, timoto tabuluu tikuphethira pathupi ngati ziphaniphani. Chimodzimodzi mukamamatula pulasitiki uja amakutira matiresi atsopano, ubweya wapamkono umaima, mukangokhudza chitsulo cha bedi nkumva kuti tswa pa chala. Ambiri timangoti ndi shoko basi nkupitiriza zathu. Koma taganizani bwino, pulasitiki ndi chinthu chomwe amagetsi amakutira mawaya dala chifukwa magetsi sadutsamo, nde kamoto kameneka kakuchokera kuti, ndipo kakudumphira bwanji ku chitsulo? Kuli anthu amalipidwa mwezi ndi mwezi chifukwa cha funso limeneli, m'mafakitale a mapulasitiki, a penti, a mankhwala, mpakana kwa opanga ma satellite, poti kamoto komweko tsiku lina kamayatsa fakitale yonse.

Poyambira ndi pa kukhudzana. Zinthu ziwiri zosiyana zikagundana kenako nkusiyana, china chimatsala ndi ma elekitironi ochulukirapo, tinthu tating'onoting'ono tonyamula magetsi, china chimatsala ndi ochepa, nde china chimakhala negativu china pozitivu. Kukhukhuza sikofunikira kwenikweni, kumangochulukitsa malo okhudzana. Agiriki akale anaziona pa utomoni wouma wa mitengo umene amautcha elektron, dzina la magetsi m'Chingerezi linachokera pamenepo, ndipo mu 1757 Johan Carl Wilcke anandandalika zinthu motsatana kuti ichi chikakhudza icho ndani amatsala ndi chani. Galasi, tsitsi, ubweya ndi nayiloni zimakonda kutsala pozitivu, pamene polyethylene wa majumbo, PVC wa mapaipi ndi Teflon amakonda negativu. Chodabwitsa nchoti mpaka lero akatswiri akukanganabe kuti chimasamuka kwenikweni nchani, ma elekitironi okha, ma ion omwe ndi ma atomu okhala ndi tchaji, kapena tizidutswa ta pulasitiki yemweyo. Mu 2011 gulu la Bartosz Grzybowski ku Northwestern University linayang'ana pulasitiki wotchajidwa pafupi kwambiri nkupeza kuti sakhala negativu yense kapena pozitivu yense ayi, amakhala wamawangamawanga ngati nkhanga, apa pozitivu apa negativu, ndipo chomwe timayeza ndi chotsala tikachotsera izi ku izi.

Tsopano kusiyana kwa chitsulo ndi pulasitiki ndi kumene kumalamulira nkhani yonseyi. Tchaji pa chitsulo ili ngati madzi mu beseni, mukaboola pena paliponse madzi onse amathamangira pomwepo nkutuluka. Nchifukwa chake waya wa ethi amagwira ntchito, mumangomangirira pakona imodzi ya mashini ndipo tchaji yonse yapita pansi. Tchaji pa pulasitiki ili ngati madzi a mvula m'munda womwe munatseka mizere, ngonyeka zija alangizi amatiuza, dziwe lililonse lili palokha, mukagumula limodzi ena onse ali chikhalire. Mutha kumangirira waya wa ethi pa pepala la pulasitiki mpaka kutopa, adzachotsa tchaji ya pomwe wakhudzapo basi, masentimita awiri kumbali zinthu zili momwe zinalili. Anthu ambiri olo amene anaphunzira zamagetsi amaphonya pamenepa chifukwa mutu wawo unazolowera mawaya.

Nanga tchajiyo imachoka bwanji? Imadutsa mu mpweya. Mpweya nawo sudutsitsa magetsi, koma uli ndi malire, pafupifupi mavolti 3,000 pa milimita iliyonse, mukapyola pamenepo umang'ambika. Elekitironi imodzi yosochera imakankhidwa mwamphamvu mpaka kugunda kachidutswa ka mpweya nkutulutsamo ina, ziwirizo zitulutsa zinayi, zinayi zisanu ndi zitatu, posakhalitsa papangika kanjira kotentha kowala komwe magetsi akudutsamo. Mphezi ndi yomweyo, kungoti ija ndi ya makilomita. Friedrich Paschen anayeza zimenezi ku Germany mu 1889 ndipo lamulo lake likugwirabe ntchito, mavolti ofunika kuti pathetheke amadalira kukula kwa mpata ndi kuchuluka kwa mpweya mu mpatamo. Mu mpweya wamba pochepetsetsa penipeni ndi mavolti pafupifupi 330, pa mpata wa ma micron 7 kapena 8, ndipo milimita imodzi ili ndi ma micron 1,000. Kuti muone kuchepa kwake, majumbo opyapyala aja boma la Malawi linaletsa ndi osakwana ma micron 60.

Apa mpomwe kumatula kumakhala ndi nkhani. Pulasitiki akamatirira pa chitsulo, tchaji ya mbali ziwirizi yayandikana kwambiri nde mavolti pakati pawo ndi ochepa. Mukayamba kumatula, tchaji sikusintha koma mpata ukukula, ndipo mavolti amakwera limodzi ndi mpatawo, 100, 300, 1,000, mpaka mpweya kugonja. Tetete uja mumamva pomatula selotepi kapena pulasitiki wa pa sikirini ya TV yatsopano, gawo lina ndi timphezi tating'onoting'ono tikubweza tchaji komwe inachokera. Ku yunivesite ya UCLA ku America mu 2008 gulu la Seth Putterman linamatula selotepi wamba m'chibotolo chomwe anapopamo mpweya wonse, poti munalibe mpweya woti ugonje msanga mavolti anakwera mpaka kutulutsa X-ray yokwanira kujambula fupa la chala. Selotepi yomweyi timamatira ma envelopu.

Malire a mpweyawa ali ndi ubwino wake. Pepala la pulasitiki lomwe lili palokha, lopanda kanthu kuseri, silingasunge tchaji yoposa ma microcoulomb pafupifupi 27 pa sikweya mita (microcoulomb ndi muyezo wa tchaji), yowonjezera imathawira mu mpweya yokha. Sungani nambala imeneyi, tibwereranso.

Mukabweretsa chitsulo pafupi ndi pepala lotchajidwalo, chomwe chichitike chimadalira maonekedwe a chitsulocho. Chikakhala chosongoka ngati singano, mphamvu yonse imaunjikana pansonga ndipo mpweya wa pansongapo umayamba kudontheza tchaji pang'onopang'ono singanoyo idakali patali, kamawala pang'ono mumdima, kamalira ngati tsiii, amati corona. Imeneyi ndi yofatsa, moti m'mafakitale opanga mapepala a pulasitiki amaika dala mzere wa tisingano kapena zingwe zonyezimira ngati za pa Khirisimasi pafupi ndi pomwe pepala likudutsa kuti zizimwa tchaji isanachuluke. Koma chitsulo chikakhala chobulungira, mutu wa bawuti, m'mphepete mwa ndowa, sipanala, olo chala cha munthu, sichidontheza msanga, chimayandikira mpaka pafupi kenako pamathetheka kamodzi, kumbali ya chitsulo kanjira kamodzi kowala, kumbali ya pulasitiki kamagawikana timizu tambirimbiri ngati tsache. Ndiye amati brush discharge. Timizuto ndi umboni wa ngonyeka zija, moto ukuyenda kukatolera tchaji dziwe ndi dziwe, ndipo umangokwanitsa malo ochepa ngati chikhatho, ena onse amatsala. Mukasuntha chitsulo pang'ono pathethekanso.

Mphamvu yake ndi yochepa, siipyola ma millijoule 3 kapena 4 (millijoule ndi muyezo wa mphamvu, 1,000 amapanga joule imodzi), munthu sangafe nayo. Koma nthunzi ya petulo ikasakanikirana bwino ndi mpweya imangofuna pafupifupi 0.25 millijoule kuti iyake, haidrojeni imafuna osakwana 0.02. Ndiponso thupi la munthu limayamba kumva shoko ya mtunduwu mavolti akafika cha m'ma 3,000, kutanthauza kuti timoto tina timadutsa inu osadziwa nkomwe. Oyesa anapezanso kuti pulasitiki akakhala negativu kamoto kake kamayatsa mosavuta kusiyana ndi akakhala pozitivu, ndipo tanena kale kuti polyethylene amakonda negativu, nde mwaona tsoka lake. Malamulo a IEC, bungwe la mayiko loika miyezo ya zamagetsi, a zipangizo zogwira ntchito pamalo pomwe pali gasi woyaka amafika poletsa pulasitiki wapoyera woposa masikweya sentimita 100, ndipo pomwe pali haidrojeni amatsitsa kufika 20.

Ine zimandikumbutsa zigubu nthawi ya vuto la mafuta. Chigubu chachikasu chija ndi polyethylene, chakhukhuzika pa mpando wa galimoto kapena pa keriyala ya njinga ulendo wonse, petulo nayenso akamathiridwa amapanga tchaji yakeyake, kukamwa kwa chigubu kuli nthunzi, nde pabwere chitsulo. Choipa kwambiri ndi fanelo yachitsulo yokhazikidwa pa chigubu cha pulasitiki, chifukwa imeneyo ndi beseni lija, imatolera tchaji popanda kothawira ndipo ikapeza mpata imakhuthula yonse kamodzi. Sikuti zimachitika tsiku lililonse ayi, zikanatero bwenzi misewu yonse itapsa, pamafunika kuti zinthu zingapo zikumane nthawi imodzi, koma miyezi youma ija ya August mpaka October mwayi wake umakwera. Dizilo savuta chonchi poti satulutsa nthunzi yambiri pa kutentha wamba.

Mpaka pano tinganene kuti pulasitiki ndi mdani wamng'ono, amaluma koma mano ake ndi aafupi. Zimasintha mukaika chitsulo kuseri kwake, ndipo apa mpomwe ndimafuna tikhalitsepo.

Tengani pepala lomwe lija mulimate pa chitsulo cholumikizidwa bwinobwino ku ethi, kenako muzithira tchaji ya negativu pamwamba pake. Chitsulo chakuseri chimakoka pozitivu kuchokera pansi nkuifoletsa kuseri kwa pepalalo, maso ndi maso ndi negativu ija, pakati pangokhala pulasitiki wopyapyala. Awiriwa akukokana okhaokha, nde mphamvu yonse ili mkati mwa pulasitiki, mpweya wapamwamba sukumva kanthu. Ndipo poti mpweya ndi umene unkaika malire a 27 aja, malirewo achoka. Tsopano malire ndi pulasitiki mwini, ndipo pulasitiki wopyapyala amapirira kuposa mpweya kakhumikakhumi. Okonza mawailesi azindikira kale chomwe tapanga apa, ndi kapasita, kachipangizo kosunga tchaji, yomwe ija imakuluma olo TV utaizimitsa kalekale.

Tiyeni tiwerenge pang'ono, masamu ake ndi a ku sekondale. Polyethylene wokhuthala 0.1 milimita atamatidwa pa chitsulo amapanga kapasita ya pafupifupi 0.2 microfarad pa sikweya mita. Mukamutchaja kufika mavolti 5,000 wasunga ma microcoulomb 1,000 pa sikweya mita, kuposa 27 uja pafupifupi ka 40, ndipo mphamvu yake ndi ma joule 2.5, osati ma millijoule, ma joule enieni, kuchulukitsa ka 10,000 zomwe petulo amafuna. Choopsa china nchoti munthu atabwera ndi kamita koyezera mphamvu ya tchaji mu mpweya kadzaonetsa zochepa, ubweya wapamkono suima, chilichonse chikuoneka bho.

Nde tsiku lina pabwere chitsulo pamwamba, kapena pulasitikiyo abooke pena pake. Kamoto koyamba kamachotsa tchaji pamalo amodzi, nde pakati pa malo opanda kanthuwo ndi oyandikana nawo omwe adakali odzaza pamakhala kusiyana kwakukulu kwa mavolti, kokwanira kung'amba mpweya wogona pamwamba penipeni pa pepalalo. Kanjira kamoto kamakwawa pamwambapo, kafika pa dziwe lina, kaligumula, kapitirira, kagawikana, ngati mmene mzere umodzi ukagumuka ndi mvula yamphamvu madzi ake amakagumula wotsatira mpaka munda wonse wasanduka ngalande. M'kanthawi kosakwana kuphethira tchaji ya malo aakulu yathamangira pa kabowo kamodzi. Kumamveka ngati mfuti, kuwala kwake kumaoneka olo masana, munthu amatha kugwa nako, ndipo moto wake umayatsa osati gasi yekha komanso fumbi, la shuga, la ufa, la sitachi, la mankhwala, zomwe brush discharge wamba nthawi zambiri salimbana nazo. Dzina lake ndi propagating brush discharge, ena amati Lichtenberg discharge.

Georg Christoph Lichtenberg ameneyu anali mphunzitsi ku Göttingen ku Germany, mu 1777 anapanga chimbale chachikulu cha utomoni chopangira tchaji, nde anaona fumbi likutera pa chimbalecho mosanjika ngati nyenyezi ndi nthambi za mtengo. Linali likutsata mapazi a moto, poti pa chinthu chosadutsitsa magetsi tchaji imatsala pomwe yasiyidwa. Pozitivu imajambula nthambi zazitali zogawikana, negativu imajambula zozungulira ngati chigoba. Mpaka pano ofufuza amawaza timaufa tamitundu pa pulasitiki kuti aone pomwe moto unadutsa, ndipo zipsera zonga masamba a fern zimene zimaoneka pakhungu la anthu ena owombedwa ndi mphezi zimatchedwa dzina lake lomweli.

Chimene chimandisangalatsa ine, kapena ndinene kundiopsa, nchoti apa ethi sathandiza, ndipo ndi ethi yemweyo amene akubweretsa tchaji yakuseri ija. Injiniya atha kuyeza paipi yake nkupeza kuti yalumikizidwa pansi bwinobwino, nkusaina pepala, koma mkati mwa paipimo anamatamo pulasitiki kapena anapakamo utoto wokhuthala kuti isachite dzimbiri, ndipo ufa ukuwomberedwa mmenemo ndi mphepo tsiku lonse. Malo ake ndi amenewo, mapaipi otumizira ufa ndi mphepo, nkhokwe zachitsulo zopakidwa mkati, migolo yovekedwa jumbo mkati, malamba othamanga, ma rola omwe pepala la pulasitiki limadutsapo pa liwiro. Kupukuta ndi kansalu pamanja sikungafikitse tchaji pamenepo, pamafunika chinthu chothira tchaji mosalekeza. Ndipo chitsulo chakuseri pena sichifunika nkomwe, paipi ya pulasitiki yokhayokha itha kukhala negativu mkati pozitivu kunja, kapasita yapangika kale.

Akatswiri a zachitetezo ali ndi manambala atatu omwe amayendera. Moto wokwawawu umafuna tchaji yoposa ma microcoulomb pafupifupi 250 pa sikweya mita. Suchitika pulasitiki akakhuthala kupyola mamilimita 8 mpaka 10, chifukwa pamenepo chitsulo chatalikira ndipo mpweya wayambiranso kuika malire. Yachitatu ndi imene imaseketsa, ngati pulasitikiyo kapena utotowo ndi wofooka moti umabooka wokha mavolti asanafike 4,000, ngozi imeneyi palibe. Eti wofooka ndi amene ali bwino. Amabooka msanga, tchaji nkudontha isanaunjikane, pamene pulasitiki wolimba wapamwamba uja wogula modula ndi amene amasunga mpaka kuphulika. Nchifukwa chake penti wamba wopyapyala savutitsa, ndipo ena amachita kuboola timabowo dala. Matumba akuluakulu a tani imodzi aja onyamulira shuga, feteleza ndi mankhwala anawagawa m'magulu A, B, C ndi D pa nkhani yomweyi. A alibe chitetezo chilichonse, B nsalu yake imabooka mavolti asanafike 6,000, C analukiramo ulusi wodutsitsa magetsi ndipo amayenera kumangiriridwa ku ethi pothira ndi pokhuthula, D amadontheza tchaji mu mpweya yekha kudzera mu ulusi wapadera. Thumba la C lomwe munthu waiwala kumangirira limasanduka loopsa, lafanana ndi fanelo ija.

Za chinyezi ndingonena mwachidule. Nzoona kuti nthawi ya dzinja shoko imachepa, chifukwa kamadzi kosaoneka kamayala pamwamba pa zinthu nkupereka njira yothawira tchaji. Zimagwira bwino pa thonje, pepala ndi galasi, koma polyethylene ndi Teflon sagwirizana ndi madzi, nde fakitale yodalira chinyezi chokha ikusewera.

Kapangidwe komweka, kachinthu kopyapyala kosadutsitsa magetsi kali pa chitsulo, anthu anakaweta nkuyamba kudyerapo. Pa 22 October 1938 ku Astoria, New York, Chester Carlson ndi mnzake Otto Kornei anapaka sulfure pa chimbale cha zinki, anachikhukhuza ndi mpango mumdima kuti chitchajike, nkuchiwalitsira kudzera pa galasi lolembedwa. Pomwe kuwala kunafika sulfure anayamba kudutsitsa magetsi tchaji nkuthawira mu zinki, pomwe panali mthunzi wa zilembo tchaji inatsala, atawaza ufa unakakamira pomwepo. Fotokope yoyamba inali imeneyo, ndipo mashini aliwonse a fotokope ndi ma printer a laser amene ali m'tauni akuchitabe zomwezo pa dramu yake, ena amaitchaja ndi kawaya ka corona, fungo lakuthwa lija mumamva pafupi ndi mashini akale ndi ozone wochokera pamenepo. Mu 1962 ku Bell Labs Gerhard Sessler ndi James West anatenga pepala lopyapyala la pulasitiki losunga tchaji kwa zaka nkuliika pafupi ndi kachitsulo, mawu akaligwedeza mavolti amasintha, nde anapanga maikolofoni ya electret yomwe yakhala m'mafoni, m'mahedifoni ndi m'mawailesi ojambulira mawu miyandamiyanda.

Komwe nkhaniyi imavuta zenizeni ndi kumwamba. Satellite imakutidwa ndi mabulangete a pulasitiki wa Kapton ndi Teflon opakidwa aluminiyamu kapena siliva mbali imodzi, mawaya ake ndi okutidwa, ma board ake ndi osadutsitsa magetsi okhala ndi kopa, paliponse ndi pulasitiki pa chitsulo. Kulibe chinyezi, kulibe mpweya woti udontheze kalikonse, ndipo dzuwa likavuta kumabwera ma elekitironi othamanga kwambiri omwe satera pamwamba pokha, amalowa nkukakhazikika mkati mwenimweni mwa pulasitiki. Amaunjikana masiku angapo mpaka pulasitiki kubooka, moto wake nkulowa mu mawaya a kompyuta. Pa 20 January 1994 ma satellite awiri a kampani ya Telesat ya ku Canada, Anik E1 ndi Anik E2, anasokonekera tsiku limodzi motsatana patadutsa masiku angapo a ma elekitironi ochuluka chonchi, zomwe zinapsa ndi zoyendetsa gudumu lomwe limagwira satellite kuti iziyang'ana dziko. TV, nkhani za manyuzipepala ndi mafoni a midzi ya kumpoto kwa Canada zinaduka. E1 anaidzutsa patangopita maola poyatsa zida zapadera zomwe inanyamula, koma pa E2 zapaderazo nazo zinakana, moti panatenga miyezi mainjiniya asanapeze njira yoiwongolera ali pansi pano, kumayeza mmene yapendekera nkumaitumizira malamulo oti iphulitse timaroketi take pang'onopang'ono, ndipo inagwira ntchito motero kwa zaka zina pafupifupi khumi.